Nkhope ya Pansi pa Utoto Woyera

Pali chinthu chimodzi chimene Tinne sanauzepo munthu aliyense. Sanauze bambo ake, sanauze mayi ake pafoni, ngakhale mphaka wawo amene ankamuuza zambiri. Chinthucho n'chakuti pa masamba onse ojambulidwa pamanja amene bambo ake ankasunga m'madirowa a chipinda chapamwamba, linalipo limodzi limene iye ankalikonda kuposa chilichonse m'nyumbamo. Ndipo anali yekha amene ankadziwa chimene chinabisala m'tsambalo.

Bambo ake, a Staf, ankayendetsa tiramu, kasitima koyenda m'misewu, mumzinda wa Gent. Kuntchito anali munthu wofatsa, woimba belu pokhapokha wanjinga akamayenda ngati msewu ndi wa agogo ake. Koma mukangotchula dzina la Oda, munthu uja ankasanduka wina. Oda anali mtsikana wa m'makatuni amene ankaonetsedwa pa wailesi yakanema a Staf ali mwana: mlonda wa nsanja yaitali ya pachilumba cha m'mitambo, mnzake wa chinjoka chamapiko chotchedwa Grom. Makatuniwo atatchuka, nthano za Oda zinayamba kutuluka m'magazini ya ana sabata ndi sabata, zojambulidwa m'timabokosi, mawu ali m'timatumba pamwamba pa mitu ya anthu. Magaziniwo a Staf anali nawo, koma si amene ankawasowetsa tulo. Iwo ankafuna masamba enieni, mapepala akuluakulu aja amene wojambula anawagwira ndi manja ake asanapite ku makina osindikiza.

Tinne ankamvetsa chifukwa chake, ngakhale sankanena. Tsamba losindikizidwa ndi laukhondo ngati munthu wopita kuukwati. Tsamba lenileni ndi munthu yemweyo ali kwawo, atavula nsapato. Pansi pa inki yakuda pamaoneka mizere ya pensulo yabuluu, pomwe dzanja linafufuzafufuza lisanapeze phewa la Oda. M'mphepete mumakhala timawu ta mkulu wa situdiyo: konza chala ichi, mchira watalikitsa. Tsamba lina linali ndi chizindikiro cha kapu ya khofi pakona, lina chidindo cha chala cha munthu amene mwina anamwalira kalekale. A Staf akatsegula dirowa ankayamba asamba m'manja, kuvala magolovesi oyera, kenako n'kuwerama atagwira mpweya, ngati akuopa kudzutsa khanda.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," ankatero, diso lili pa galasi lokulitsira zinthu. Malamulo awo anali atatu, ndipo Tinne ankawadziwa asanadziwe kuwerenga: tiyi sakwera masitepe, mphaka salowa, makatani satsegulidwa. "Dzuwa ndi mbava, mwanawe. Limaba inki uli pomwepo ukuyang'ana."

Tinne ankaima pakhomo, manja kumbuyo, osanena kanthu. Anali mwana wotero. M'kalasi aphunzitsi akamuloza, makutu ankatentha ndipo yankho limene ankalidziwa bwinobwino linkathawira kumimba. Choncho a Staf anaganiza kuti mwana wawo za Oda alibe nazo ntchito. "Uyu anatengera amayi ake," ankauza anzawo akabwera kudzaona masamba. "Akaona Oda amangoona pepala." Tinne ankangomwetulira. Kumwetulira kunali kosavuta kusiyana ndi kufotokoza.

Tsamba lake lija silinali lodzionetsera. Munalibe chinjoka, munalibe lupanga, munalibe nkhondo. Munali mvula yokhayokha. Mchimwene wake wa Oda akukwera ngalawa yam'mlengalenga kupita kudziko lakutali, Oda waima pakhonde la nsanja. Ojambula a situdiyo ija sankaloledwa kulemba mayina awo, kuseri kwa tsamba kunkangokhala chidindo cha kampani, motero osonkhanitsa masamba ankawazindikira ndi kajambulidwe n'kuwapatsa mayina awoawo. Wa tsamba ili ankamutcha Wamvula. Ena ankajambula mvula ndi rula, mizere yowongoka ngati misomali. Wamvula ankaijambula ndi burashi, dontho lililonse loyamba lonenepa n'kuthera ngati ubweya, moti ukayang'anitsitsa unkamva kuzizira m'khosi. M'kabokosi komaliza, Oda wakweza dzanja, akumwetulira mano onse, ndipo m'kathumba ka mawu akuti: "Pita bwino! Ine ndili bwinobwino!"

Chaka chimene Tinne analowa sekondale yapamwamba, mayi ake anasamukira ku Liège. Panalibe kukalipirana kapena kuswa mbale. Anangokhala pansi atatu patebulo la kukhitchini, akuluakulu n'kunena mofatsa kuti zinthu zatha koma onse amamukonda. Tinne anasankha kutsala chifukwa cha sukulu. Pasiteshoni, sitima ikunyamuka, anakweza dzanja n'kumwetulira mpaka masaya kuwawa. A Staf anamugwira paphewa monyadira, ndipo kuyambira tsiku limenelo ankauza aliyense wofunsa kuti, "Tinne wanga? Ameneyu ndi Oda weniweni. Salira."

Tinne anazindikira chinsinsi cha tsambalo m'mawa wina wa tchuthi, bambo ake ali kuntchito. Anasamba m'manja, anavala magolovesi awo amene zala zake zinkasambiramo, n'kulitulutsa. Ataliweramira anaona kuti nkhope ya Oda m'kabokosi komaliza ndi yotukuka pang'ono kusiyana ndi pepala lonse. Panali utoto woyera, uja ojambula amafufutira zolakwika, koma apa unali wochindikala, wong'aluka timing'alu ngati matope ouma. Kumwetulira konse kuja kunajambulidwa pamwamba pa utotowo. Tinne anayang'ana makatani. Anayang'ana tsamba. Kenako anapatula katani pang'ono n'kukweza pepalalo kuzenera.

Kuwala kutadutsa kuseri, nkhope inaoneka pawiri. Pansi pa pakamwa poseka panali pakamwa pena, potsekeka, mlomo wam'munsi wolumidwa. Maso apansi anali ofinyika. Ndipo kuchokera m'diso lililonse kunatsika mzere umodzi wa burashi, woyamba wonenepa n'kuthera ngati ubweya. Wamvula anajambula misozi ndi dzanja lomwelo lojambulira mvula. Kenako wina, kaya mkulu wa situdiyo, ananena kuti Oda salira, ndipo nkhope ija inakwiriridwa. Koma Wamvula sanaipale. Akanatha kuipala ndi lumo kapena kumatapo kapepala kena, monga ankachitira ena. Iye anangoifunditsa.

Tinne anatsitsa tsambalo msanga, n'kutseka katani. Anakhala pansi pakapeti nthawi yaitali, magolovesi ali m'manja. Kuchokera pamenepo, mtima ukamulemera, ankakwera kukaliona. Sankalikwezanso kuzenera kawirikawiri, poopa mbava ija. Kungodziwa kuti nkhopeyo ilipo kunali kokwanira.

Ndiye madzulo ena a Staf anabwera kunyumba akuimba mluzu, atanyamula tchipisi m'pepala, mayonezi akudontha.

"Tinne! Bwera udye zisanazizire. Lero ndi tsiku! Wagonja mdala uja!"

"Ndani, ababa?"

"Amalume ako a Sooi! Avomera. Andipatsa tsamba la Grom, lija akutuluka m'mtambo, mapiko kuchokera uku mpaka uko. Zaka zonsezi ndikuwapempha ngati wopempha mchere!"

A Sooi sanali amalume ake enieni. Anali mnzawo wa a Staf kuyambira kusukulu ya pulayimale, wometa anthu wopuma pantchito, wamimba yaikulu ndi mawu aakulu kuposa mimbayo. Tsamba lawo la Grom Tinne analionapo kamodzi pakhoma kwawo, ndipo zoona, linali lochititsa kakasi. Mamba aliwonse anali ndi kuwala kwake.

"Nanga inu muwapatsa chiyani?" anafunsa Tinne, akudziwa kuti anthu awiriwa sagulitsana, amangosinthana.

"Apa ndiye poseketsa. Akufuna kamvula kaja! Kopanda chinjoka, kopanda kanthu. Ali ndi tsamba lakutsogolo kwake ndi lakumbuyo kwake, ndiye pakati pakuwayabwa ngati dzino lozuka. Ndiwonjezerapo tating'ono tiwiri, basi. Lamlungu kumsika wa masamba. Upite nane, ukandinyamulire chikwama."

Tinne anasiya kutafuna. Mawu anali pomwepo, kuseri kwa mano. Koma nkhope ya bambo ake inali kuwala ngati ya mwana, nkhope imene anali asanaione chichokere mayi ake.

"Zili bwino, ababa," anatero, n'kumwetulira.

Lamlungu anakwera tiramu, a Staf akupatsana moni ndi woyendetsa mnzawo, Tinne atakumbatira chikwama chachikulu chophwatalala pachifuwa. Msikawo unkachitikira mu holo yakale ya mazenera aatali, kamodzi pachaka. Mkati munkanunkha mapepala akale, khofi ndi majasi onyowa. Anthu ake anali omwewo chaka chilichonse: azibambo a imvi ovala malaya a chithunzi cha Grom, mayi wina wamankhwala amene ankasonkhanitsa masamba okhala ndi mphaka okha, mnyamata wa ndevu wochokera ku Lille amene ankanunkhiza pepala asanaliyang'ane. Tinne ankawakonda anthu amenewa mwakachetechete. Kunja anali oyendetsa mabasi, aphunzitsi, ogulitsa nsapato. Muno ankatha kukangana mpaka khofi kuzizira pa nkhani yakuti ndani anajambula khutu la Oda m'chaka chakutichakuti, ndipo palibe ankaseka mnzake kuti wakula.

"Staf, mphaka wosauka iwe!" Mawu a a Sooi anadumpha matebulo onse. "Ndimayesa wachita mantha wabisala pansi pa tiramu!"

"Ndichite mantha ndi iwe? Munthu wometa anthu koma iwe mutu uli mbee ngati dzira?"

"Dazi ndi nzeru, m'bale wanga, tsitsi limathawa kutentha. Aa, Tinne mayi anga, wakula bwanji! Bambo akowa akukudyetsa, kapena akukupatsa mapepala?"

"Akundidyetsa, amalume," anatero Tinne, maso ali pansi.

"Tamverani kamawu! Ngati kambalame. Khala apa, uone bambo ako ndikuwabera masana dzuwa likuswa mtengo."

Anayala nsalu patebulo. Onse awiri anavala magolovesi. A Sooi anatulutsa Grom, a Staf anatulutsa kamvula kaja, ndipo anasinthana kuti aliyense aone cha mnzake. Anthu anayamba kuunjikana, chifukwa kusinthana kwa anthu awiriwa kunali kodikiridwa. Mwambo wake aliyense ankaudziwa. Muyang'ane mmene mungafunire, munyozane mmene mungathere, koma mukavula golovesi lakumanja n'kugwirana chanza khungu ndi khungu, nkhani yatha. Palibe kubweza, ngakhale ulire, ngakhale mkazi wako akuthamangitse. Amene anabwezapo kamodzi, zaka zapitazo, mpaka lero ankamwa khofi yekha pakona.

A Staf anatembenuza tsamba la Grom n'kuligogoda ndi chala. Linalira ngati chitseko.

"Taonani nkhanza izi, anthuni. Analimata pa bolodi! Sooi, ndiwe wosonkhanitsa masamba kapena kalipentala?"

"Bolodi limateteza, mbuli iwe. Pepala silipindika, silichita makwinya. Masamba anga onse ndimamata, ndipo adzakhalapo iwe ndi ine tili kudyetsa nyongolotsi." A Sooi anaweramira kamvula kaja, galasi padiso. "Hmm. Wamvula ameneyu, Mulungu amuone komwe ali. Taonani madontho awa. Munthu ankajambulira ana a zaka zisanu ndi ziwiri, dzina lake osalembedwa paliponse, koma ankachita ngati akujambulira mfumu." Kenako anakhosomola. "Koma utoto uwu pankhope wayamba kusweka. Mawa lomwe ndilimata pa bolodi, ndilitsekere m'galasi, lisagwedezekenso."

Tinne anayang'ana bolodi la Grom lija. Kuti tsambalo lichoka m'nyumba, anali atayesa kuzivomera usiku ndi usana sabata yonse, akudziuza kuti azikaliona kwa amalume. Koma bolodi! Bolodi silidutsa kuwala. Akangolimata, nkhope yapansi ija sidzaonekanso kwa munthu aliyense mpaka kalekale. Oda adzangotsala akuseka.

"Ndiye bwanji?" anatero a Sooi. "Ukufuna chinjoka kapena ukufuna kundichedwetsa mowa?"

"Ndikufuna chinjoka," anayankha a Staf.

A Sooi anavula golovesi lawo kamodzi n'kamodzi, n'kutambasula dzanja lawo lonenepa pamwamba pa tebulo. A Staf anayamba kukoka lawo, chala chimodzichimodzi monga ankachitira nthawi zonse. Chala chachikulu. Chamkombaphala. Makutu a Tinne anatentha ngati m'kalasi. Anthu anali ambiri, onse akuluakulu, onse odziwa. Chala chapakati.

"Dikirani."

Mawuwo anatuluka aang'ono kwambiri moti mayi wa amphaka yekha ndiye anatembenuka.

"Ababa, dikirani!"

A Staf anaima, golovesi likulendewera. "N'chiyani, Tinne? Wadwala?"

Tinne anatola golovesi la a Sooi patebulo, analivala, n'kunyamula tsamba lija, dzanja linalo atalikulunga m'mkono wa juzi. Anthu anamupatukira ali kukamwa yasa. Anapita pa zenera lalitali la holoyo, pomwe dzuwa lofooka la m'mawa linkalowera.

"Iwe! Dzuwa!" anakuwa a Staf. "Tinne, wapenga?"

"Pang'ono pokha, ababa. Bwerani muone. Kabokosi komaliza."

Anakweza tsambalo. A Staf anafika kumbuyo kwake, a Sooi akupumira paphewa pawo, ena onse akusuzumira. Poyamba kunali phokoso la nsapato. Kenako maso onse anagwera pa kabokosi kaja.

"Mayo ine," ananong'ona a Sooi. "Akulira."

"Oda salira," anatero wina kumbuyo, koma mosatsimikiza.

"Ukuona ndi maso ako, nanga ukutsutsa chiyani? Taonani misozi, burashi yomweyo!" A Sooi anachotsa magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. "Anamuuza kuti afufute, iye n'kungofunditsa. Zaka zonsezi ali m'menemo. Ndipo ine chitsiru ndikanamumata mawa!"

Tinne anatsitsa tsambalo n'kulibisa mumthunzi wa thupi lake. Analibwezera pansalu mosamala, m'makona mowongoka, monga ankaonera bambo ake. A Staf ankamuyang'ana manja, osati nkhope.

"Magolovesi wawazolowera," anatero mofatsa. "Si koyamba."

Tinne anapukusa mutu.

"Staf, mvera," a Sooi analowerera, dzanja lawo lili lotambasulabe. "Sindimata, ndalumbira pamaso pa anthu onsewa. Ndipo tating'ono tiwiri tija khala nato. Tsamba kwa tsamba. Grom ndi wako, ingogwira dzanja ili."

Grom anali pomwepo patebulo, mapiko kuchokera uku mpaka uko, mamba akunyezimira. A Staf anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu woyang'ana sitima imene wakhala akuidikira pachisanu. Kenako anayang'ana mwana wawo, amene anaima atagwira m'mphepete mwa tebulo, makutu ali psuu, osamwetulira. Pang'onopang'ono anabwezera zala m'golovesi. Chapakati. Chamkombaphala. Chachikulu.

"Sunga chinjoka chako, Sooi. Dzanja sindinakugwire."

"Ha! Taonani wakuba uyu! Wandionetsa nyama kenako n'kutseka mphika!" A Sooi anaponya manja m'mwamba, koma maso awo ankaseka. "Chabwino. Koma Lamlungu lililonse ndizibwera kwanu kudzaona, ndipo khofi ndi wako. Tinne mayi anga, golovesi langalo usunge, wandiposa. Tiyeni anthuni, tikamwe, tiwasiye a pabanja."

Gulu linamwazikana likukambirana za Wamvula, ena akuthamangira kumatebulo awo kukayang'ana utoto woyera pa masamba awo. Patebulo panatsala awiri. A Staf analowetsa tsamba m'chikwama, anamanga zingwe zake, n'kuchipereka kwa Tinne ndi manja awiri.

"Ine ndimayesa ukaona Oda umangoona pepala," anatero. "Bwanji sunandiuze, mwanawe? Chinthu chokongola chotere, n'kuchisunga wekha?"

Tinne anakumbatira chikwamacho. Kumwetulira kunabwera kokha, mwachizolowezi, ndipo anakumva kukukwera m'masaya. Anakuletsa. Anayang'ana bambo ake m'maso, chinthu chimene sankachita kawirikawiri, ndipo mawu aja amene anakhala kuseri kwa mano nthawi yonseyi anatuluka, osakweza, koma omveka.

"Chifukwa mumauza anthu kuti ine ndine Oda, kuti sindilira. Tsiku lija pasiteshoni, amayi akupita, sindinali bwinobwino, ababa. Mpaka pano sindili bwinobwino. Ndimawasowa."